Malimu a Mabowo Atatu

Mwa zonse zimene ndalemba m'kope ili, nkhani ya galimoto ili kuseri kwa nyumbayi ndi imene amayi anu akhala akundiumiriza kuti ndisaidumphe. Inu mumaidziwa ngati galimoto yokalamba ya adada imene imatuluka Lamlungu ndi pa maukwati. Iwe Tiwonge unandifunsapo chifukwa chimene ndinavutikira zaka ziwiri kufunafuna malimu adzimbiri a magudumu ake pamene ku Mzuzu onyezimira ali mbwee, ndipo ndinakuyankha kuti chitsulo chimawongoleka. Yankho limenelo linali loona koma silinali lonse. Lonse ndi ili.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: galaja ya m'nkhalango

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku kampani ina yocheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Viphya, chakumwera, m'boma la Mzimba. Ndinachoka kwathu ku Dowa ndi satifiketi ya umakaniko, masipanala asanu ndi limodzi m'kachikwama, ndi bulangete limodzi. Ndinafika mwezi wa Juni, ndipo bulangetelo linandichititsa manyazi tsiku loyamba lomwe, chifukwa kuzizira kwa kumtunda kuja kunali kwina. Chifunga chinkakhala mpaka teni koloko, munthu osaona thirakitala imene akuimva ikulira patsogolo pake. Pa kampu pathu panali anthu a m'maboma ambiri: a ku Thyolo, a ku Nkhata Bay, a ku Karonga, a ku Ntcheu. Ntchito tinkagwira m'Chichewa, koma nthabwala ndi miseche zinali m'Chitumbuka, moti ndinachiphunzira msanga pofuna kudziwa zimene ankandinena.

Kapitawo wa galaja anali a Mhango, bambo wamfupi wosakonda kulankhula, amene ankavala jekete lakalekale la asilikali ngakhale kutenthe. Ataona satifiketi yanga anaipinda bwinobwino, kundibwezera, n'kundilozera pakona pamene panali mulu wa matayala. Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala ndikumata machubu ndi kuwongola malimu, injini osaikhudza. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti ine ndinaphunzira za injini, osati za matayala. Iwo anapitiriza kupukuta m'manja.

"A Mbewe," anatero m'Chichewa chawo cha kumpoto, "injini ikafa galimoto imangoima, mbwenu mumatsika n'kukankha. Gudumu likafa, amafa ndi anthu."

Ndi iwo amene anandiphunzitsa kumvera limu, chitsulo chozungulira chija chimene timavekapo tayala. Umachotsa tayala, kulitsuka limulo, kulipachika pa waya, n'kuligogoda ndi sipanala. Labwino limalira nthawi yaitali ngati belu. Long'aluka limangoti gwa, n'kukhala chete, ngakhale mng'alu wake usakuoneka ndi maso. Anandiphunzitsanso kuti m'mphepete mwa limu mukapindika ndi mwala, umawongola ndi hamala ndi kachipika ka mtengo, koma mng'alu wa pakati, pamene pali mabowo a manati, suwotchereredwa. Pamenepo ndi pamene pamasenza galimoto yonse.

Pakati pa malole ndi mathirakitala athu panali galimoto yaing'ono imodzi yokha, ya ku France, ya mtundu wa 404, yoyera motuwira. Anaigulira manijala, koma pa kampu ya m'tchire galimoto yaing'ono siikhala ya munthu mmodzi. Inkakatenga makalata ku Mzimba Boma, inkanyamula amayi oyembekezera, ndipo munthu akavulala pa macheka ndiyo inkamuthamangitsira ku chipatala. Inali ndi chachilendo chimodzi: gudumu lililonse linkagwidwa ndi manati atatu okha. Magalimoto ena onse anali a manati anayi, asanu kapena kuposa, kotero limu la galimoto ina silinkalowa pa iyo. Inabwera ndi malimu asanu, anayi pansi ndi limodzi losungira, ndipo onsewo ankadutsa m'manja mwanga.

Pakati pa zaka za m'ma 1980: zinthu zitasowa

A Mhango atapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Euthini, ukapitawo anapatsa ine. Ndinali nditangokwatira amayi anu, NyaJere, ndipo kampani inatipatsa nyumba ya matabwa ya zipinda ziwiri. Imeneyo inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, njira za ku doko zitatsekeka, ndipo zipangizo zinasowa. Ukalemba kalata yoitanitsa chubu mwezi wa Januwale, ankakuyankha mwezi wa Epulo kuti udikire. Tinkadula machubu akale kupanga zigamba, tinkasoka ndi waya matayala a ngolo za mathirakitala, ndipo lole imodzi tinaipha dala kuti izidyetsa zinzake zipangizo zake. Manijala wa nthawi imeneyo anali a Chirambo. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali wophunzira, ankapereka moni kwa aliyense, koma akuluakulu a ku likulu ankawafunsa matabwa pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo iwo ankangofuna kuti chilichonse chokhala ndi magudumu chiziyenda.

Limu losungira la 404 ndilo linayamba kutha. Dalaivala anaomba khoma la kamlatho, limu n'kupindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Tinatsala ndi anayi. Kenaka mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, ndikusintha tayala lakutsogolo kumanja, ndinagogoda limu monga mwa chizolowezi, ndipo linangoti gwa. Nditapala matope ndi penti ndinaona mng'alu woonda ngati tsitsi, wochokera pa bowo lina kulunjika pa linzake.

Ndinakawauza a Chirambo. Anabwera okha ku galaja, kuwerama, n'kunena kuti kamng'alu kotere wowotcherera wathu akhoza kukatseka pa mphindi khumi. Ndinawafotokozera zimene ndinkadziwa: kuti moto umafewetsa chitsulo, kuti mng'alu umabwerera m'mbali mwa powotchererapo, ndiponso kuti pa zitunda zotsetsereka za kumeneko gudumu likachoka, galimoto imakagwera kuphompho ndi onse ali m'katimo. Anati ndiliike kumbuyo. Ndinati kumbuyo nakonso kuli phompho lomwelo. Anati limu latsopano aliitanitsa, koma podikira galimoto iziyenda pang'onopang'ono. Ndinati galimoto yonyamula wodwala siyenda pang'onopang'ono.

"A Mbewe, ndikulankhula ngati bwana wanu. Mawa m'mawa ndiipeze itaima pa magudumu anayi."

Atachoka ndinakhala pa benchi nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti ndikakana ine, wowotcherera sangakane, chifukwa anali ndi ana asanu ndi awiri ndipo nyumba inali ya kampani. Ndinkadziwanso kuti pa kampu ponse panalibe galimoto ina yaing'ono. Zonse ziwirizi ndinazidziwa, ana anga. Musadzamve wina akunena kuti sindinaganize. Cha m'ma folo koloko ndinayatsa moto wa gasi n'kulidula limulo pakati, zidutswa ziwiri, ndipo ndinazinyamula ndekha kukaziika pakhomo pa ofesi. A Chirambo sanakalipe. Anayang'ana zidutswazo n'kundiuza kuti ndawononga katundu wa kampani ndipo nkhaniyi ipita ku likulu. Galimoto tinaikweza pa zipika.

Patapita masabata atatu, Lachiwiri m'mawa, anthu akukweza mitengo pa ngolo, unyolo unaduka. Chipika chachikulu chinagubuduka n'kuphwanya mwendo wa a Shaba, mmodzi wa okweza mitengo. Anali mwamuna wamtali wa ku Edingeni, wodziwika pa kampu ponse chifukwa ndiwo ankatsogolera gule wa ingoma pa Khirisimasi. Akaponda pansi fumbi linkachita kubuka. Malole awiri amene ankayenda anali atapita ndi matabwa ku Lilongwe. Wazachipatala wa pa kampu anamanga mwendo pamwamba pa bondo kuti magazi aleke, n'kunena kuti munthuyu afike ku Boma maola awiri asanathe. Tinayala matiresi m'ngolo ya thirakitala, mkazi wawo NyaMoyo anakwera nawo, ndipo anayendetsa ndine. Tinatitimira kawiri tisanatuluke m'nkhalango. Pa msewu waukulu ndinkangocheuka kuti mwina kubwera galimoto yotipitirira, koma mafuta nawo anali osowa chaka chimenecho, ndipo zimene tinakumana nazo zinali zopita kumwera. Ndinkamva a Shaba akubuula kumbuyo kwanga, NyaMoyo akuwatchinga mvula ndi chitenje. Kenaka anasiya kubuula, ndipo kumeneko kunandiopsa koposa. Tinalowa pa chipatala patatha maola asanu. Madokotala anapulumutsa moyo, koma mwendo anaudula pa bondo. Namwino wina, osadziwa kuti ine ndine yani pa nkhaniyi, anandiuza kuti tikanafika msanga mwina mwendowo ukanatsala. Anati mwina, ndipo mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri.

Zaka za ku Jenda

Kalata ya ku likulu siinachedwe ngati machubu. Ukapitawo anandilanda, n'kunditumiza ku Jenda kumene kampani inali ndi bwalo losungira matabwa, kuti ndizikamata matayala a malole. Pa kampu anthu anagawanika. Ena ankati ndinachita bwino, ena ankati ndinadula mwendo wa munthu ndi moto wa gasi, ndipo ena ankangosiya kulankhula ndikafika pa mpopi. Tisanasamuke ndinapita ku Boma kuti ndikaone a Shaba. Ndinafika pakhomo la wodi, ndinawaona atagona pafupi ndi windo, bulangete litaphwa mbali imodzi, koma sindinalowe. Ndinabwerera. Amayi anu nditawauza anati ndachita mantha, ndipo ananena zoona.

Limu latsopano linafika pa kampu ine nditachoka kale. Ndinamva kwa madalaivala kuti galimoto inayendanso zaka zingapo mpaka giyabokosi inafa, ndipo anaikankhira kuseri kwa galaja. Ku Jenda ndinakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Ndi kumene munabadwira nonse awiri, iwe Tiwonge ndi mlongo wako Lusungu. Amayi anu ankagulitsa tomato ndi mbatata kwa okwera mabasi, ine ndikulimbana ndi matayala a malole pa dzuwa. Kampani itasintha eni, manijala watsopano anawerenga fayilo yanga, kundifunsa mafunso awiri okha, n'kundibwezera udindo, koma ku galaja ya ku Boma. Kumeneko ndi kumene ndinapumira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, titamanga nyumba inoyi.

Nditapuma ntchito: chigoba pa zipika

Ndinamva kuti eni atsopano akugulitsa zitsulo zakale za pa kampu, ndipo ndinapita kuti mwina ndikapezako benchi yachitsulo yogwirirapo ntchito. Kuseri kwa galaja ndinapeza 404 ija ili pa zipika, udzu utamera m'boneti, makoswe atadya mipando, malimu onse kulibe. Benchi ndinaiiwala. Lole itatsitsa chigobacho pakhomo pano, amayi anu anachizungulira kamodzi n'kundifunsa ngati nkhuku zathu zinadandaula za khola. Injini ndi giyabokosi zinanditengera zaka zitatu, pang'onopang'ono, chipangizo ichi kuchokera ku Mzuzu, icho kuchokera kwa makaniko wina wokalamba ku Kasungu.

Za magudumu unandithandiza ndiwe, Tiwonge, utayamba ntchito ku Mzuzu. Unabwera ndi malimu anayi a aluminiyamu a mabowo anayi, ndi timbale tachitsulo timene unakasulitsa kuti tilumikize mabowo anayi pa mabawuti atatu. Ankaoneka bwino, sindikana; ndikadutsa pa depoti anthu ankaimba mluzu. Koma chiwongolero chinkanjenjemera, ndipo matayala ake oonda aja ankamva mwala uliwonse. Tsiku lina tikupita ku maliro ku Manyamula ndi amayi anu, ndinalowa m'dzenje limene linabisika ndi madzi. Limu lachitsulo likanapindika m'mphepete, ine n'kuliwongola pompo ndi hamala. La aluminiyamu linasweka ngati mbale yadothi. Ku maliro tinakafika pa njinga za kabaza, galimoto n'kugona masiku awiri pa mudzi wa eni. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa za malimu ake enieni.

M'dziko muno limu silitayika, limangosintha ntchito. Ndinkafunsa anzanga akale a pa kampu tikakumana pa maliro ndi ku msika. Loyamba ndinalipeza ku Jenda, kwa mayi wina wokazinga tchipisi, koma anali ataliboola n'kuliwotcherera miyendo kukhala mbaula, moti silikanagwiranso ntchito. Lachiwiri linali belu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Manyamula, litapachikidwa pa mtengo wa mango. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Nyasulu, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti alibe nazo ntchito kuti belu lili ndi mabowo angati, bola limveke kutsidya kwa dambo kumene kumachokera ana ochedwa. Ndinawapititsira limu la lole, lolira kuposa, ndipo tinasinthana. Ena awiri anandibweretsera wamalonda wina wa nyemba kuchokera ku Lundazi, m'Zambia, kumene anawachotsa pa takisi yakale ya mtundu womwewo. Ndinali ndi atatu.

Amene anandiuza za awiri otsalawo anali dalaivala uja anaomba kamlatho, atakalamba nayenso. Anati a Shaba atatuluka m'chipatala kampani inawasunga ngati mlonda wa pa galaja, ndipo popuma ntchito anapita ndi malimu awiri kwawo ku Edingeni. Ali pa ngolo yawo ya ng'ombe. Nditamva zimenezo ndinakhala miyezi inayi osapita. Ndinkauza amayi anu kuti wamalonda uja apezanso ena ku Zambia. Tsiku lina m'mawa ndinawaona atavala chitenje chatsopano, shuga ali m'basiketi, tambala atamangidwa miyendo.

"Ku Zambia mwafikako ndi malimu anu," anatero. "Ku Edingeni ndiye kwatalika? Valani nsapato, ada."

Ku Edingeni

Tinakwera matola, n'kuyenda wapansi kuchokera pa msika. Pakhomo pa a Shaba panali khola la ng'ombe zisanu ndi chimodzi ndi chigafa cha fodya. Tinawapeza atakhala pamthunzi akusema zikei, timitengo tolowetsa m'goli la ng'ombe, mwendo wopanga atauvula n'kuutsamiritsa pa mpando, ndodo ili pambali. Tsitsi linali litayera lonse. Anandizindikira ndisanakhale n'komwe. Amayi anu anagwada n'kupereka moni m'Chitumbuka, NyaMoyo analandira tambala, ndipo tinacheza za mvula, za mtengo wa feteleza, za anzathu a pa kampu amene anamwalira. Ola linatha limu lisanatchulidwe. Nditafotokoza za galimoto, a Shaba anavala mwendo wawo n'kunditengera kuseri kwa chigafa kumene kunali ngolo. Wopanga ngoloyo anali atawotcherera mabawuti atatu mbali iliyonse, kotero malimu anali osaonongeka, dzimbiri lokha ndi ndowe.

"Awa ndinatenga ine, masana, aliyense akuona," anatero a Shaba. "Ndinati galimoto iyi inakana kundinyamula, mbwenu magudumu ake azindinyamulira chimanga."

Pamenepo ndinanena zimene ndinayenera kunena zaka zoposa makumi awiri m'mbuyomo. Ndinati amene anadula limu lija ndine, ndi manja angawa, bwana atalamula kuti liwotchereredwe. Anati akudziwa, kampu yonse inkadziwa. Anandiuza kuti zaka zoyambirira akamva dzina langa chakudya chinkawakanika. Koma atakhala mlonda anapeza zidutswa ziwiri zija zitatayidwa kuseri kwa galaja, ndipo tsiku lina anazitembenuza n'kuupeza mng'aluwo, mpaka analowetsamo chikhadabo.

"Ine sindikudziwa, a Mbewe. Mwina mukanawotcherera ndikanafika ndi mwendo wanga. Mwina tikanagwera ku phompho tonse ndi NyaMoyo. Zimenezo akudziwa ndi Chiuta. Chimene chinandipweteka chomene si limu ayi. Munafika pakhomo la wodi, ndinakuonani, mbwenu munabwerera."

Ndinavula chipewa n'kunena kuti ndapota, ada, ndinalakwa. Iwo anandifunsa kuti ngolo yawo iziyendera chiyani ndikatenga malimuwo. Ndinati ndiwapangira chitsulo china cha pansi chokhala ndi malimu a pikapu, amene matayala ake amapezeka pa msika uliwonse. Anavomera, koma anawonjezera chinthu chimodzi: galimoto ikadzatha, akufuna ndidzawayendetse ulendo umodzi, ndipo kopita adzanena okha tsiku lomwelo. Tinadya tambala uja tisananyamuke.

Miyezi ya chilimwe: kukonza

Ngolo ndinaikonza kaye, chifukwa nthawi yokolola inali itayandikira. Kenaka ndinayala malimu asanu pakhonde pano. Iwe Lusungu ukukumbukira, chifukwa unali pa tchuthi ndipo unadandaula kuti fumbi la dzimbiri likulowa m'zovala zimene unayanika. Lililonse ndinalipala ndi bulashi ya waya, kenaka sandipepa, mpaka chitsulo chinayera, makamaka m'kati mmene mumakhala chubu, chifukwa dzimbiri la mmenemo ndi limene limaboola chubu. Nditapala ndinawapachika pa waya limodzilimodzi. Onse asanu analira. La ku sukulu lija linali ndi zikoti mbali imodzi, pamene ana ankamenyapo ndi chitsulo zaka zonsezo, ndipo linanditengera masiku anayi ndi hamala ndi kachipika. Kuti ndione ngati lawongoka, ndinkakweza galimoto pa jeke, kumanga limu kutsogolo, kulizungulitsa ndi dzanja choko ndili nacho pafupi ndi m'mphepete. Pamene choko chakhudza ndi pamene patukuka. Umamenya, kuzungulitsanso, mpaka choko chilembe mzere wosaduka. A ku Edingeni anali owongoka kuposa onse, poti ng'ombe sizithamanga.

Ndinapaka penti yofiira yoteteza dzimbiri kawiri, kenaka yoyera motuwira yofanana ndi thupi la galimoto. Ndinaika machubu, chifukwa malimu akale sasunga mpweya paokha, ndi matayala aatali m'mbali ngati amene inabwera nawo. Timbale tako tija, Tiwonge, ndinatichotsa. Tili m'bokosi la zitsulo ngati ukutifuna. Tsiku loyamba kuiyesa pa msewu wopita ku Jenda, chiwongolero chinakhala bata m'manja mwanga, ndipo pa msewu wafumbi galimoto inkadutsa m'mabampu mofewa ngati mmene ndinkaidziwira kale. Malimu a ku Edingeni ndinawaika kutsogolo.

Mwezi wa Seputembala chaka chomwecho

Ndinanyamuka ndi amayi anu m'mamawa, kudzera ku Manyamula. Tinapeza a Shaba atavala jekete ndi tayi, NyaMoyo atamanga duku latsopano. Anazungulira galimoto ndi ndodo yawo, kugogoda gudumu lililonse, n'kuloza awiri akutsogolo n'kunena kuti amenewo ndi awo. Atakhala kumbuyo ndi mkazi wawo ndinafunsa kopita. Anati ku kampu.

Tinatulukira ku Jenda n'kukwera msewu waukulu mpaka pokhotera m'nkhalango. Mitengo yambiri inali itadulidwa, kwina itapsa, moti zitunda zimene kale sizinkaoneka zinali poyera. Pa kampu nyumba za matabwa zinali zitatha, galaja yopanda denga. A Shaba sanafune kuona zimenezo. Anandilozera pabwalo pamene tinkakwezera mitengo, n'kuti ndiime pamenepo. Sanatsike. Anavula wotchi ya pamkono n'kuigwira m'manja.

"Tsopano tipite ku chipatala ku Boma," anatero. "Muyendetse ngati mwanyamula wodwala."

Ndinayang'ana amayi anu, iwo n'kugwedeza mutu kuti tiyeni. Ndinayendetsa mmene ndikanayendetsera tsiku lija, osati mopenga, koma osataya mphindi. Tinadutsa malo awiri aja tinatitimira. Poyamba panali pouma, pachiwiri anamangapo kamlatho. Pa msewu waukulu ndinaponda mafuta. Nditaima pa geti la chipatala ndinazimitsa injini. A Shaba anayang'ana wotchi.

"Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri."

Ndinayamba kufotokoza kuti lero kulibe mvula, kuti msewu anaukonza, kuti tsiku lija sizikanatheka kufika msanga chotero. Anandidula ndi dzanja.

"Ndikudziwa. Ndimangofuna ndidziwe kutalika kwake. Tsiku lija sindinaone njira." Anavalanso wotchi n'kundithokoza m'Chitumbuka. "Yewo, a Mbewe. Mbwenu."

NyaMoyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti iye njala yamupweteka, ndipo amuna akamaliza zawo timupezere pogulira chakudya. Tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi pa lesitilanti ya pafupi ndi msika, ndipo ndinakawatula kwawo dzuwa lisanalowe.

Kuyambira chaka chimenecho galimoto iyi imapita ku Edingeni kawiri kapena katatu pa chaka. Inanyamula mdzukulu wawo pa ukwati wake, ndipo NyaMoyo atadwala chibayo dzinja lapitali, a Shaba anaimbira ine asanaimbire ana awo. Tsopano maso anga ayamba kuchita chifunga, ndipo dokotala wanena kuti chaka chamawa ndisadzayendetsenso. Galimotoyi idzakhala ya nonse awiri; mugwirizane nokha kumene izigona. Manati ake muzimanga ndi dzanja, osati ndi makina a mpweya aja, chifukwa ndi atatu okha. Koma chachikulu ndi ichi: nambala yako, Tiwonge, ndawapatsa kale a Shaba. Foni ikabwera kuchokera ku Edingeni, usayambe wafunsa kuti kwagwanji. Makiyi ali pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.